Achemwali, fayiloyo musailembenso

Achemwali, ndaona zomwe mwalemba m'gulu lathu la anamwino lino, zoti a in-charge, akulu a wodi yanu, akufuna musinthe nthawi mu fayilo ya wodwala. Musasinthe chilichonse. Fayiloyo isiyeni momwe ilili, ngakhale a in-charge akuuzeni kuti n'kungokonza nthawi basi kuti mapepala aoneke bwino. Mawu amenewo ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo pomwe ndimawerenga uthenga wanu mtima wanga unayamba kugunda ngati zachitika dzulo.

Ine zinandigwera ku leba pa chipatala china cha boma, nayiti ya Loweruka kumapeto kwa mwezi. Pa roster tinalembedwa anamwino awiri. Muwodi ndinalimo ndekha, ine ndi mtsikana wasukulu ya unamwino wa chaka chachiwiri ndi mayi wina wokolopa. Mnzangayo anali atapita kukagwira locum, ganyu ya pachipatala china, a in-charge akudziwa bwinobwino, chifukwa aka sikanali koyamba. Mabedi onse anali odzaza, azimayi ena atayala zitenje pansi. Nonse muno mukudziwa mmene kumakhalira, sindichita kufotokoza.

Mayi amene ndikunenayu inali mimba yake yachisanu ndi chimodzi. Anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, analira nthawi yomweyo. Ndinabaya oxytocin 10 IU, mankhwala olimbitsa chiberekero, nsengwa inatuluka yonse, ndinaiyang'ana mbali zonse, chiberekero chinalimba. Ndinamufunditsa, ndikuthamangira pa bedi lina pomwe panali kamtsikana ka mimba yoyamba, mutu wa mwana utaonekera kale. Ndili pakati pomuthandiza, mayi wokolopa uja anabwera n'kundikodola. Sanakuwe, anangoti, "Sista, tabwerani mudzaone kuno." Mpaka lero mawu amenewo ndikawamva kwa munthu wina aliyense miyendo imandizizira.

Magazi anali akudontha kuchokera pa bedi kufika pansi. Chitenje choyamba chitanyoweratu, chachiwiri chimodzimodzi. Kusukulu amatiuza kuti akapitirira 500 ml ndiye PPH, kutaya magazi kwambiri mayi atabereka, koma apa panalibe zoti uyeze, maso okha amakuuza kuti tapitirira kalekale. Nditagwira pamimba, chiberekero chinali chofewa, osalimbanso ngakhale pang'ono. Ndinasisita, ndinaika ma cannula awiri, dilipi ikuthamanga, oxytocin wina mu dilipi, catheter ndinaika. Ndinatuma wasukulu kukabati kukatenga misoprostol, mankhwala enanso olimbitsa chiberekero, anabwera chimanjamanja. Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, yemwe timaphunzitsidwa kuti aperekedwe pasanathe maola atatu mayi atabereka, ndinali nditangomuona pa pepala la ku workshop, muwodi mwathu munalibe. Ndiye ndinalowetsa dzanja kuyamba bimanual compression, kufinya chiberekero ndi manja awiri. Amene munachitapo mukudziwa kuti ukafika pamenepo sungasunthenso. Dzanja limodzi lili mkati, lina pamimba, foni sungagwire, bedi lina sungapiteko, ndipo kamtsikana kaja kakukuwa mbali inayo.

Ndinauza wasukulu atenge foni yanga m'thumba la yunifomu aimbire clinician wa pa call. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali 02:10. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anaimbira a in-charge, foni yothimitsa. Ndinatuma mayi wokolopa akauze mlonda athamange kunyumba kwa clinician, nyumba yake inali mkati mwa mpanda momwemo. Mlonda anabwerako n'kuti wagogoda, palibe watsegula. Kenaka magetsi anathima, jenereta osalira, mafuta munalibe. Mayi wokolopa anaima pambali panga atanyamula tochi ya pafoni, dzanja lake likunjenjemera, kuwala kukuvinavina pa nkhope ya mayi uja.

Mayiyo ankandiyang'ana. Anati, "Sista, ndikumva kuzizira." Kenaka anati ali ndi ludzu, ndimupatseko madzi. Kenaka anafunsa ngati mwana wayamwa. Ndinkamuyankha kuti limbani mtima mayi, adokotala akubwera, ndikudziwa kuti palibe amene ali m'njira. BP ikutsika, pulse ikuthamanga mpaka wasukulu kulephera kuiwerenga. Mkono wanga unachita dzanzi kufika paphewa koma sindinachotse. Ku lab anati magazi a gulu lake palibe, achibale apereke, 3 koloko usiku achibale ake uwatenga kuti? Clinician anatulukira cha m'ma 03:40, akununkha zomwe amanunkha, n'kuyamba kufunsa kuti bwanji simunandiitane msanga. Mayiyo anatisiya pa trolley, tisanalowe n'komwe mu theatre.

Panja pa wodi panali amayi ake omubereka, gadiyani wake, atakhala pansi atakumbatira flask ya phala lomwe anamuphikira. Atandiona yunifomu ili magazi okhaokha anaimirira n'kundifunsa kuti, "Wachira?" Amene anawauza ndine. Clinician anali atazemba kale, a in-charge ali mtulo kwawo.

Kusanache ndinakhala pansi n'kulemba zonse, nthawi iliyonse, mankhwala aliwonse omwe ndinapereka ndi omwe munalibe, nthawi yomwe tinaimba, nthawi yomwe mlonda anapita, nthawi yomwe clinician uja anafika. Ndinalembanso kuti pa shift ndinali namwino mmodzi.

Lolemba ndinaitanidwa ku ofesi ya a matron. A in-charge analipo. Anandilandira bwino zedi, mpando, tiyi, "mwana wanga wavutika". Kenaka a matron anatulutsa mapepala atsopano osalembapo kanthu n'kuwakankhira kwa ine. Akuti tithandizane. Akuti ndilembe kuti clinician ndinamuimbira 03:20, ndipo dzina la mnzanga uja lioneke kuti analipo. Akuti wapita wapita, sitingamudzutse, bwanji tiwonongere anthu amoyo ntchito. Taganizani achemwali, ndikanalemba 03:20 ndiye kuti ine ndi dzanja langa ndavomera kuti ndinakhala ndi mayi wotaya magazi kupitirira ola lathunthu osaitana thandizo, tili anamwino awiri. Mlandu wonse ukanachoka pa iwo n'kukhala pa ine, siginecha yanga ili pamenepo. Ndi zomwe akufuna kukuchitani inunso. Nthawi imene akukuuzani kuti mukonze, dzifunseni kuti ikakonzedwa ikupulumutsa ndani ndipo ikumira ndi ndani.

Ndinakana. Nkhope zinasintha nthawi yomweyo, "mwana wanga" anathera pomwepo. A matron anandifunsa kuti kodi si iwe unapempha study leave yoti ukachite digiri? Anangofunsa choncho, osaonjezera kanthu.

Za audit ndiye musandiyambe. Tonse tinaphunzitsidwa kuti MDSR, kuunika imfa za amayi pa uchembere, ndi yosatchula dzina, yosaloza chala, cholinga n'kupeza pomwe panalakwika kuti mayi wina asadzafe imfa yomweyo. Tsiku limenelo chala chinaloza ine kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Bwanji unamusiya yekha mayi wa para 5, woti anali atabereka kale kasanu. Bwanji sunayeze ma vital signs, monga BP ndi pulse, mphindi 15 zilizonse. Ndiyeze ndi manja ati, ndili ndi mutu wa mwana wina m'manja? Za misoprostol palibe anafunsa. Za jenereta palibe anafunsa. Za mnzanga wa locum, chete. Pepala langa lomwe ndinalembapo nthawi zija linali litasowa mu fayilo, akuti mwina linagwa. Chomwe chinandigwira dzanja ndi mlonda uja, bambo wachikulire woti anthu samamuwerengera n'komwe, amene anali atalemba m'buku lake la pageti nthawi yomwe anatumidwa, ndi foni yanga yomwe imaonetsa 02:10. Wasukulu uja ankafuna kulankhula koma anaopsezedwa ndi nkhani ya ma assessment ake, ndipo sindimuimba mlandu, anali mwana.

Ngakhale zinali choncho ndinasamutsidwa, kupita ku health centre yakutali komwe mvula ikagwa ambulansi siifika. Study leave inafera m'madilowa. Mnzanga wa locum patapita kanthawi anakhala in-charge wa wodi ina. Clinician uja sanaitanidwe ndi aliyense.

A matron amenewo sindinawakhululukirebe, ndinene zoona, ndapemphera koma zikukanika. Clinician anali woledzera, aliyense amadziwa. Mnzanga ankasaka ndalama ya fizi ya ana, ndimamumvetsa pang'ono. Koma munthu wovala lamba wa udindo, amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe, amene amatiimirira kutsogolo pa 12 May tsiku la anamwino n'kumatiuza za chikondi ndi kudzipereka, ndi amene anandikankhira pepala losalemba kuti ndinamizire munthu wakufa. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Iwo nkhonya zawo amazipatsira kwa NMT, namwino ndi mzamba wa udindo wotsika, wongoyamba kumene amene alibe pogwira. Roster ndi yawo, kuitanitsa mankhwala ku pharmacy ndi kwawo, kudziwa kuti pa call pali munthu wosadalirika ndi kwawo. Zinthu zikayenda bwino chithunzi ajambulitsa ndi iwo, zikavuta akuti professionalism, namwino ayankhe yekha. Ndipo si kuti onse ndi otero ayi. Ku health centre komwe ananditaya ndinakapeza sista wina wachikulire amene ukamuimbira 1 koloko usiku amabwera atamanga chitenje pamwamba pa zogonera, ndipo pakalakwika kanthu amayamba ndi iye kunena pamaso pa a DNO, mkulu wa anamwino m'boma lonselo, kuti wodi iyi ndi yanga, funsani ine. Ndi kwa mayi ameneyo komwe ndinaonera kuti utsogoleri umatheka.

Kafukufuku wa za anthu ndi zaumoyo wa DHS wa 2015-16 anapeza kuti amayi 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere m'dziko muno, ndipo kutaya magazi ndi chimodzi mwa zomwe zimapha kwambiri. Mapepala athu akamakonzedwa Lolemba m'mawa mu ofesi, ku unduna amaona kuti vuto ndi namwino waulesi, pomwe vuto ndi kabati yopanda mankhwala ndi munthu mmodzi pa mabedi onse. Ndiye mankhwalawo adzabwera bwanji?

Tsono inu chitani izi. Ngati pali chomwe munaiwaladi kulemba, lembani pansi pake ngati late entry, zolemba mochedwa, tsiku la lero, nthawi ya lero, musayine. Ngati munalakwitsa nambala, dulani mzere umodzi woti zakale ziziwerengekabe, mulembe zoona pambali, musayine. Osafufuta, osang'amba, osayamba pepala latsopano. Laisensi yomwe mumalipira ku Nurses and Midwives Council ili m'dzina lanu, ndipo tsiku lomwe Council idzakuitaneni a in-charge sadzakhala pa mpando umenewo. Kusintha rekodi ya wodwala ndi mlandu waukulu kuposa kuchedwa kuyeza BP. Lembani incident report yanu, ya zomwe munaona ndi kuchita inuyo basi, musunge kope lanu kunyumba. Ngati muli membala wa NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, aimbireni lero lomwe, musadikire kalata. Akakuitanani ku disciplinary muli ndi ufulu womva mlandu wanu ndi kuyankhapo, pemphani kuti akulembereni, ndipo musakalowe nokha.

Komabe musakangane nawo a in-charge anuwo. Ine ndinawayankha a matron pamaso pa anthu, ndinawauza kuti Mulungu akuwaona, ndipo lero atandibwezera tsiku lija ndikhoza kunenanso. Koma inu musatero. Apatseni ulemu wawo, muwauze modekha kuti mayi, ndikuopa Council, ndilembereni pa pepala zomwe mukufuna ndisinthe musayine. Sadzalemba, nkhani idzathera pomwepo. Musawatchule kwa a DNO pokhapokha zitafika pothina, chifukwa anthu amenewa amadyera limodzi ndipo appraisal yanu idzadutsa m'manja mwawo momwemo. Ngati muli ndi ngongole ku banki ndi ana pasukulu, ganizani bwino musanapite nazo patali, ife a m'gulu muno tikulimbikitsani ndi ma comment koma lendi sitidzakulipirirani. Nthawi zina kungokana kusayina n'kukhala chete n'kokwanira.

Chinanso, chotsani msanga zija mwalemba za zaka za wodwalayo ndi tsiku lomwe zinachitika. Muno muli anthu ambiri, ena ndi ma in-charge omwewo, screenshot imafika ku ofesi inu musanadzuke, ndipo adzakugwirani pa chinsinsi cha wodwala n'kuiwala nkhani yeniyeni. Fayilo musaijambule pafoni. Lembani nthawi zanu mu kabuku kanu popanda dzina la munthu, ndipo call log ya usiku umenewo musaifufute. Funsaninso mlonda ndi a hospital attendant omwe analipo ngati analemba penapake. Ngati audit ili sabata ino ndipezeni ku inbox usiku uno, ndili pa off, tikonzere limodzi incident report yanuyo.