Yambani ndi Juan de Pareja, mtsikana wa Vermeer adikire kaye

Achemwali, mwafunsa chithunzi chakale chomwe mungakopere pophunzira penti ya mafuta, ndiponso zoti mugule.

Amene akuti muyambe ndi chithunzi cha mtsikana wa ndolo cha Vermeer, wojambula wa ku Holland, ndikukayika ngati anagwirapo burashi. Pankhope ija mphuno imangolowerera m'tsaya popanda mzere, ndipo wophunzira amangokhalira kufufuta. Tengani Juan de Pareja, yemwe Velázquez, wojambula wa ku Spain, anamujambula ku Rome mu 1650. Chithunzichi chili ku Metropolitan Museum ku New York, ndipo pa webusaiti yawo mungachipeze chachikulu bwino, chaulere. Mitundu ndi yochepa, komanso khungu lake ndi loderako ngati la anthu amene mudzawajambule kuno. Koperani mutu ndi kolala yoyera ija basi.

Machubu asanu a penti akwana: titanium white, yellow ochre, burnt umber, ivory black ndi light red. Penti ya mafuta yotchedwa Winton, yaing'ono ya 37ml, imapezeka ku Johannesburg. Ngati pali wachibale wobwera pa basi, mutumeni.

Yambani mwapaka bolodi lonse bulawuni wopepuka, kenako jambulani malo amdima ndi umber, amene amauma msanga. Zoyera zibwere pomaliza. Penti yapansi ikhale ya mafuta ochepa, yapamwamba ya mafuta ochulukirapo. Mukasemphanitsa, idzang'aluka.

Koma chachikulu ndi ichi: mafuta ophikira asayandikire penti yanu. Mnyamata wina amene tinkajambula naye linseed (mafuta osakaniza ndi penti) itamuthera anathiramo a kukhitchini, ati mafuta ndi mafuta. Panadutsa miyezi chithunzi chikumatabe m'manja. Fumbi la mu Okutobala linakhazikika pamphumi pa munthu wojambulidwayo, pamodzi ndi tizilombo touluka tomwe tinabwera ndi nyali. Anangochitaya. Gulani linseed ya ojambula, kabotolo kamodzi kamakhalitsa.

Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona, zimatentha n'kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chotambasula. Tepentaini, wosungunulira penti, nayenso si wogwiritsa ntchito mutatseka mawindo, mutu umawawa.

Musakopere poyang'ana pafoni, chifukwa kuwala kwake kumanamiza. Sindikizani pa pepala lalikulu la A3, ndipo musanalipire yerekezani ndi cha pakompyuta: makina ena amatulutsa nkhope yofiira ngati njerwa.