Njoka ya m'filimu ija si mzimu

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa kwa Mpondasi ku Mangochi. Akuti: "Ndinaonera filimu yoopsa pa vidiyo sho, ya munthu amene anaphedwa mwankhanza kenako n'kumabwera usiku atasanduka njoka, kumapha achinyamata mmodzimmodzi. Womasulira m'Chichewa ankangofuula kuti 'mzimu wafika, mzimu wamupha!' Mnzanga akuti akanati chiwanda. Wolondola ndani?"

Achimwene, mwandikanda poyabwa. Mnzanuyo wayandikira, koma womasulirayo anaphonya ndithu.

Mzimu ndi munthu wanu amene anatsogola. Ndi uja timamuthirira nsembe ya ufa kapena mowa wamasese patsinde pa msolo. Ukakwiya umadwalitsa, umabwera kumaloto, nthawi zina umamanga mvula, koma mukaupepesa umaleka. Sumayenda usiku kusaka ana a eni amene sukuwadziwa n'komwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti kwathu kuno njoka ndi mzimu zimayendera limodzi mwaulemu. Kukachisi wa ku Msinja, kwa Makewana, mayi wansembe wa Achewa, ankalemekeza njoka yotchedwa Thunga, ndipo nkhani yake inali ya mvula. Ku Khulubvi ku Nsanje amati M'bona amachezera mkazi wake Salima atasanduka nsato. Agogo anga aakazi, njoka ikalowa m'nyumba mwakachetechete n'kudzipinda pafupi ndi mtsuko, ankatilanda ndodo. Ankawaza kaufa pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alendo awa, asiyeni atuluka okha." Njoka yamizimu ndi imeneyo. Ndiye mwana akamamva mlungu uliwonse kuti mzimu ndi chinthu chophwanya anthu makosi, mawa adzamva chiyani akuluakulu akamati mizimu yatiyang'anira?

Mawu oyenera pa filimu yanuyo ndi mzukwa. Ine sindikayika kuti kholo lake ndi mneni uja kudzuka: mzukwa ndi wakufa amene wadzuka, wakana kugona kumanda chifukwa ali ndi mangawa ndi amoyo. Mverani mmene "zuk" akumvekera m'mawu onse awiri. Munthu wophedwa mwankhanza amene wabwera kudzalipsira, kaya wavala thupi la njoka kaya la fisi, ndi mzukwa basi.

Chiwanda chikanakhoza chikanakhala kuti chinthucho sichinakhalepo munthu wodziwika. Chiwanda chilibe mbumba, chimangogwera aliyense, ndipo Baibulo limagwiritsa ntchito mawu akuti ziwanda pa zija zinkatulutsidwa mwa anthu. Ngati pali munthu wamoyo amene akuituma njokayo, pamenepo ndi matsenga, ndipo timati njoka yotumidwa.

Ena mwa omasulirawa akaona njoka yaikulu amathamangira kuti Napolo. Ayi! Napolo amakhala pansi pa phiri, ndipo akamasamuka amagumula phirilo, madzi ndi miyala n'kukokolola midzi, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Sabisala kuseri kwa chitseko kudikira munthu mmodzi. Njoka yaikulu yoopsa ndi chinjoka, mawu omwewo amene ali pa Chivumbulutso 12. Anzathu a Chiyao ku Mangochiko njoka amati lijoka, tsinde lake n'limodzi ndi lathu.

Mawu ngati filimu ndi vidiyo sindilimbana nawo, chifukwa zinthuzo zinabwera ndi maina ake. Koma ndikamva wina akuti "gositi" kapena "holala" mtima umandiwawa, poti mzukwa tili naye, ndipo filimu yoopsa kapena yochititsa nthumanzi ikukwanira bwino lomwe. Zija zoti wina akungotema anzake ndi chikwanje, itchuleni filimu yokhapana.

Omasulirawa ndimawalemekeza, chifukwa ndi amene akuyankhula Chichewa m'makutu mwa ana ambiri kuyambira ku Namwera mpaka ku Monkey Bay. Mukakumana naye wanuyo, muuzeni mwaulemu kuti pa filimu imeneyo azinena kuti mzukwa wafika.