Purosesa ya ma bit 32 kapena 64: kapulogalamu kakafupi kamene kamanena zoona

Kalata yalero yachokera kwa bambo wina wokonza makompyuta pa Kamwendo, ku Mchinji. Sukulu ina yawatulira makompyuta akale 14 kuti aikemo Linux, ndiye akufuna kapulogalamu kakafupi koyenda nako pa flash, kowauza ngati purosesa ndi ya ma bit 32 kapena 64. Iwo anayesa mzere uwu wa C, chinenero cholembera mapulogalamu:

printf("%d", (int)sizeof(int)*8);

Funso lawo n'lakuti: "Makina onse akuti 32, ngakhale laputopu yanga yomwe ili ndi RAM ya 8 GB. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mzere wanuwo sukunama, kungoti ukuyankha funso limene simunafunse. Pa Windows, pa Linux ndi pa macOS, sizeof imanena kukula kwa chinthu m'ma byte (byte imodzi ndi ma bit 8), ndipo int, yemwe amasunga nambala, amatenga ma byte 4, kaya makinawo ndi a 32 kaya a 64. Ena angakuuzeni kuti muike long m'malo mwake. Pa Linux ya 64 long ndi ma byte 8, koma pa Windows ya 64 akadali ma byte 4, choncho mugwa m'dzenje lomwelo. Chimene chimakula limodzi ndi makina ndi pointer, yomwe imasunga adiresi ya malo a mu RAM, kotero sizeof(void*)*8 ndiye mzere wolondolako. Mu Python mnzake ndi struct.calcsize("P")*8.

Komabe mzere umenewu sungakuthandizeni pa ntchito ya kusukuluyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nambala ya sizeof siyezedwa pulogalamu ikamathamanga. Compiler, yemwe amasandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu, amaiwerengeratu pomanga pulogalamuyo n'kuilemba m'kati ngati nambala yokhazikika. Mukaimanga ya 32, idzati 32 pa kompyuta iliyonse, ngakhale yatsopano ya m'katoni, chifukwa Windows ya 64 imayendetsa mapulogalamu a 32 kudzera mu WOW64 popanda kudandaula. Mukaimanga ya 64, idzati 64, ndipo pa makina a 32 siitseguka n'komwe. Kuyeza ndowa sikungakuuzeni kukula kwa nkhokwe.

Pali zinthu zitatu zosanjikizana: purosesa pansi, Windows kapena Linux pamwamba pake, ndiyeno pulogalamu yanu. Purosesa ya 64 itha kunyamula Windows ya 32, ndipo makompyuta ambiri akaunjika amabwera choncho. Pa Linux, lamulo la uname -m limanena za kernel (mtima wa Linux) yomwe yaikidwa, getconf LONG_BIT imanena za mapulogalamu. Inu mukufuna chapansicho, purosesa.

Pa mapurosesa a Intel ndi AMD njira yake ndi kufunsa purosesayo mwachindunji ndi lamulo la CPUID. Mumaika 0x80000001 mu register (kamalo kosungira nambala m'kati mwa purosesa) ya EAX, n'kuitana CPUID, kenako muone bit 29 ya EDX. Ikakhala 1, purosesayo ili ndi long mode, kutanthauza kuti imatha ma bit 64. Ndi compiler wa GCC pulogalamu yonse ndi iyi:

#include <cpuid.h>
#include <stdio.h>
int main(){unsigned a,b,c,d;puts(__get_cpuid(0x80000001,&a,&b,&c,&d)&&d>>29&1?"64":"32");}

Ubwino wa __get_cpuid n'ngwakuti imayamba yafunsa ngati purosesayo ikudziwa nambala ya 0x80000001. Mapurosesa akale kwambiri saidziwa, ndipo mukawafunsa mosasamala amakubwezerani manambala a funso lina, bit 29 n'kutuluka yabodza. Purosesa ikapanda kuidziwa, __get_cpuid imabweza 0, pulogalamu n'kulemba 32.

Chofunika kwambiri: muimange ya ma bit 32, kuti itseguke pa makina onse. Pa Linux lembani gcc -m32 -static, mutaika kaye gcc-multilib ngati muli pa Debian kapena Ubuntu. Kuti ikhale ya Windows, gwiritsani ntchito i686-w64-mingw32-gcc. Mukaiwala zimenezi mudzapezeka mwanyamula pulogalamu yokana kutseguka pa makompyuta omwewo amene mumafuna kuwayeza.

Ngati mwayatsa kompyutayo ndi Linux ya 32 ya pa flash, monga antiX, palibenso chifukwa chomangira pulogalamu:

grep -cw lm /proc/cpuinfo

Lamuloli limafufuza mawu akuti lm, kutanthauza long mode, pa mndandanda wa zimene purosesa imatha. Likalemba 0, purosesa ndi ya 32. Nambala ina iliyonse ndiye kuti ndi ya 64. Kachilembo ka w musakasiye. Pa mndandanda womwewo pamakhala mawu ena akuti lahf_lm, ndipo Intel Atom N270, yomwe inadzaza m'timalaputopu tating'ono tija ta 2008 ndi 2009, ili nawo mawuwa chikhalirecho ndi ya ma bit 32 basi. Popanda w, grep adzagwira "lm" wa m'kati mwa lahf_lm n'kukuuzani kuti ndi ya 64. Muchenjerenso ndi maina ofanana: Core Duo ndi ya 32, Core 2 Duo ndi ya 64, ngakhale zonse zinatuluka mu 2006. Ma Pentium 4 ena ndi a 64, ena ayi, choncho kapepala komatidwa pa bokosi musamakakhulupirire. Kompyuta yomwe ili kale ndi Windows 10, pitani pa Settings, System, About. Ikalemba kuti "32-bit operating system, x64-based processor", purosesa ndi ya 64 koma anaikamo Windows ya 32.

Popeza mwati mumakonda zazifupi, nayi ina yomwe ine ndimaiona kuti ndi yokoma kuposa zonse, ngakhale siyoyezera purosesa. Ndi ma byte 5 okha:

31 C0 40 90 C3

Purosesa ikamathamanga mu ma bit 32 imawerenga motere: 31 C0 ndi kufufuta EAX kuti ikhale 0, 40 ndi kuonjezerapo 1, 90 ndi kusachita kanthu, C3 ndi kubwerera. Yankho ndi 1. Koma AMD popanga x86-64, yomwe inatuluka ndi Opteron mu 2003, inalanda ma byte kuyambira 40 mpaka 4F n'kuwasandutsa zoyambira za malamulo ena, zotchedwa REX. Ndiye mu ma bit 64, 40 ndi 90 zimawerengedwa pamodzi ngati lamulo limodzi losachita kanthu, EAX n'kutsala 0. Ma byte omwewo, matanthauzo awiri. Apa nambala ikuyezedwadi pulogalamu ili m'kati mothamanga, kusiyana ndi sizeof, koma ikungonena mmene purosesa ikuyendera nthawi imeneyo, osati zonse zimene ingathe.

Chimodzi musayese: kukankha 1 ndi malo 32, monga 1<<32, n'kumaona ngati yasanduka 0. Malamulo a C salonjeza chilichonse pa int wa ma bit 32 akakankhidwa chotero. Purosesa ya x86 imangotenga ma bit 5 apansi a nambala yokankhirayo, choncho 32 imasanduka 0 ndipo 1 amatsala 1, pamene compiler akawerengeratu yekha atha kupereka yankho lina.

Pa makompyuta a kusukuluwo, iliyonse imene yati 64 muiikire Linux ya 64, ngakhale RAM ikhale 2 GB yokha. N'zoona kuti ya 32 imadya RAM yochepako, koma njira yake ikutsekeka: Windows 11 ilibe ya 32, Ubuntu inasiya kalekale, ndipo Debian 13 ya 2025 ilibenso installer ya i386, kutanthauza ya ma bit 32. Makina a RAM ya 4 GB kupita m'mwamba ndiye osakambirana, chifukwa ma bit 32 amafika pa ma byte 4,294,967,296 okha, ndipo Windows ya 32 imaonako pafupifupi 3 mpaka 3.5 GB. Zimene zati 32 muziike pambali, mulembe ndi maka pa bokosi, n'kuziikira antiX kapena Debian 12 ya i386.