Yankho kwa azakhali pa za buluu ndi pinki

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndati ndingojambula mawu, zolemba zonsezi chala chingatope. Funso lanu lija ndaliona, loti kodi n'zoona kuti amuna amakonda buluu akazi pinki, poti mukufuna kugulira mapasa aja zovala pamene akukwanitsa zaka ziwiri.

Za buluuzo n'zoona, koma si amuna okha ayi. Akazinso ambiri ukawafunsa mtundu umene amaukonda kwambiri, amatchula buluu yemweyo. Mu 2015 a YouGov, kampani yofufuza maganizo a anthu, anafunsa anthu m'mayiko 10, kuphatikizapo Britain, China ndi Indonesia, ndipo konseko buluu ndi amene anatsogola. Ku China komwe amati amakonda zofiira, buluu anapambanabe.

Kusiyana kulipo, koma n'kochepa. Mu 2007 Anya Hurlbert ndi Yazhu Ling a ku yunivesite ya Newcastle ankaonetsa anthu mitundu iwiriiwiri pa kompyuta, munthu n'kumaloza msangamsanga umene wamusangalatsa. Onse ankakokera ku buluu, kungoti akazi ankapendekera ku wofiirirako pang'ono, wopita ku pepo uja. Iwo ankaganiza kuti mwina zinayambira kalekale, akazi akamasankha zipatso zakupsa m'tchire. Apo ndiye ine, eee, sindikhutira napo. Kufotokoza kotero n'kongoganizira, palibe anakaonako.

Tsono ya pinki ndi imene imandiseketsa. Mu 1918 magazini ina ya ku America ya ogulitsa zovala za ana, Earnshaw's Infants' Department, inalemba kuti pinki ndi wa mwana wamwamuna chifukwa ndi mtundu wamphamvu, pomwe buluu ndi wofatsa, woyenera mtsikana. Mwamva? Zinali chadodolido! Ndipo kumeneko kale makanda onse, wamwamuna kaya wamkazi, ankangowaveka zoyera, poti zikada amaziviika mu mankhwala oyeretsera n'kubwerera mwakale. Zoti pinki ndi wa atsikana zinadzakhazikika cha m'ma 1940 kupita mtsogolo, opanga zovala atazikokera konko.

Dikirani kaye, ndichepetse wailesiyi... eya. Msinkhu wa mapasawo ndi womwe uli ndi nkhani. Ofufuza awiri, Vanessa LoBue ndi Judy DeLoache, mu 2011 ankaika tizinthu tiwiri tofanana pamaso pa ana, kena ka pinki kena ka mtundu wina. Ana osakwana zaka ziwiri ankangotola kalikonse. Pofika zaka ziwiri ndi theka, atsikana anayamba kuthamangira ka pinki, anyamata n'kumakapewa. Ndi nthawi yomweyo imene mwana amayamba kuzindikira kuti ine ndine mtsikana, uyu ndi mnyamata, ndiye amatengera zimene akuona ndi kumva kwa ife akuluakulu.

Ndiye mapasa aja pakadali pano alibe nazo ntchito. Tsiku lija ndinabwera, kamnyamatako kanakakamira kapu yofiira ya mlongo wake mpaka kulira kogubuduka pansi, yake ya buluu ili pomwepo. Ine ndikanakhala inu ndikanagula zofiira ziwiri zofanana, mungapewe ndewu. Bola musagule zoyera, azakhali, mayi awo angakudandauleni pochapa. Mukapeza, tumizani chithunzi pagulu pano tione.