Duke sinagwe chifukwa chosowa zoni, inagwa ndi sikirini imodzimodzi

Achimwene, mwafunsa ngati Mike Krzyzewski (Coach K), yemwe anali kochi wa timu ya basketball ya Duke, analakwitsa posadalira zoni, difensi yolondera malo m'malo momaka munthu, pa masewero ake omaliza, pomwe North Carolina inatulutsa Duke mu semifainolo ya NCAA, mpikisano wa makoleji a ku America, ku New Orleans pa 2 Epulo 2022 ndi mapointi 81 kwa 77. Ine ndine wa Duke, ndipo ndikuvomereza kuti mkuluyu analakwitsa pa difensi. Koma osati pamene mukulozapo inuyo.

Ndikumvetsa komwe ganizo la zoni likuchokera. Sabata ya m'mbuyo mwa masewerowo Duke inali itavutika ndi Texas Tech, Coach K nasintha n'kuyika zoni m'chigawo chachiwiri, timu n'kupuma, kenaka n'kupambana 78 kwa 73. Ndi Arkansas anaigwiritsanso ntchito. Sichinali chinthu chachilendo kwa iye: mu 2018, nthawi ya Marvin Bagley ndi Wendell Carter, anasiya kumaka munthu ndi munthu n'kusewera zoni ya 2-3, ija ya mnzake Jim Boeheim wa ku Syracuse. Koma zoni imakomera timu yomwe adani ake saponya bwino kuchokera kutali. Carolina inali ndi Brady Manek, Caleb Love ndi RJ Davis, onse atatu oti ukawasiyira mpata kunja kwa mzere wa mapointi atatu wadzipha wekha. Chachiwiri, mu zoni aliyense amalondera malo, osati munthu, ndiye mpira ukaphonya palibe amene ali ndi udindo weniweni wotsekereza Armando Bacot, chimphona cha Carolina. Bacot ameneyu anatola ma rebound (mipira yobwerera ikaphonya ring'i) 21 usiku umenewo anthu akumumaka. Mukanati amusiye aziyendayenda pakati pa zoni?

Bala lenileni linaoneka mwezi umodzi m'mbuyo, pa 5 Malichi, ku Cameron Indoor Stadium. Anali masewero omaliza a Coach K pakhomo, osewera ake akale atadzaza m'mbali mwa bwalo. Popita kokapuma Duke imatsogola 41 kwa 39. Chigawo chachiwiri Carolina inamwetsa mapointi 55 n'kupambana 94 kwa 81, ndipo Hubert Davis, yemwe chinali chaka chake choyamba ngati kochi wamkulu wa Carolina, sanasinthe ngakhale wosewera mmodzi m'chigawo chimenecho. Anthu asanu omwewo kwa mphindi 20, ndipo anayi mwa iwo anafika mapointi 20 kapena kuposa. Ankachitanji? Chinthu chimodzi, mobwerezabwereza. Bacot amakwera pamwamba n'kuima ngati chipupa kuti womaka RJ Davis kapena Love agundepo, ndiyo sikirini imene ndikunenayi. Mark Williams, chimphona cha Duke chomwe chimamaka Bacot, chimatsalira m'mbuyo kulondera ring'i. Ndiye wa mpira uja amatulukira pa sikirini n'kupeza pakati pali mbee. Akafuna aponye, akafuna alowe. Williams akamutsata, Bacot watsetsereka kale kupita pansi pa ring'i. Mnzake Paolo Banchero akati athandize, wasiya Manek ali yekha kunja.

Coach K anauza anthu m'bwalomo masewero atatha kuti zimene zachitikazo n'zosavomerezeka. Chabwino. Patangotha sabata imodzi Virginia Tech inawakwapulanso 82 kwa 67 mu fainolo ya ACC, ligi yomwe Duke ndi Carolina zimaseweramo, Hunter Cattoor n'kumwetsa 31, nayenso pothamanga mozungulira masikirini anyamata a Duke akumutsatira m'mbuyo. Chenjezo linabwera kawiri. Pamenepa ndi pamene mtima wanga umawawira, chifukwa munthu anali ndi masabata anayi, ndi tepi yonse ya masewero aja, ndipo atangodutsa Arkansas zinadziwika mwamsanga kuti akukumananso ndi anthu omwewo.

Tsono onani zomwe zinachitika ku New Orleans. Difensi yonse ya Duke chaka chimenecho inamangidwa pa Williams, ndipo m'pomveka, iye ndi amene anasankhidwa kukhala wotchinga bwino koposa mu ACC. Anyamata akunja amatha kudutsidwa, iye n'kukonza zolakwazo pa ring'i. Koma nyumba yoimira mzati umodzi, mzatiwo ukafumbwa denga limakhala pansi. Williams anapanga mafaulo awiri koyambirira n'kukhala pa benchi pafupifupi chigawo chonse choyamba. Wolowa m'malo mwake, Theo John, anasiyidwa m'bwalo mafaulo akuchulukirachulukira mpaka anakwana anayi chigawo choyamba chisanathe. Ku koleji faulo yachisanu ndiye watuluka basi. Kutanthauza kuti chigawo chachiwiri chikuyamba, akuluakulu awiri onse a Duke amasewera manja ali kumbuyo, kuopa wenzulo. Williams masewero onse sanafike ngakhale theka la mphindi 40 zija. Chimenecho chinali chisankho cha kochi, osati tsoka.

Duke inatsogola 41 kwa 34 chigawo chachiwiri chitangoyamba, Carolina n'kumwetsa mapointi 13 otsatizana osayankhidwa. Love, yemwe anayamba mozizira, anamwetsa 22 mwa mapointi ake 28 m'chigawo chimenechi. Ambiri amangokumbukira mpira wake wa mapointi atatu uja, koma tabwererani mukaonenso: mipira yambiri imene anamwetsa inali yolowa mkati mpaka pa ring'i. Amadutsa womumaka, n'kupeza wamkulu amene akumudikirayo akuopa kumukhudza.

Chimene ndinkafuna kuona n'chosavuta kufotokoza. Love kapena Davis akamatulukira pa sikirini, amugwere awiri pomwepo, amukakamize kutaya mpira msanga. Love ndi wosewera wolimba mtima koma wopupuluma, ukamufinya amatha kukupatsa mpira kapena kuponya zosayenera. Munthu wowonjezerayo mumtenga kuti? Kwa Leaky Black. Black ntchito yake inali kutsekereza, ndipo anaigwiradi, chifukwa AJ Griffin amene anamwetsera Duke 27 ku Chapel Hill, kwawo kwa Carolina, mu Febuluwale, Duke itapambana 87 kwa 67, anazimiririka m'masewero awiri otsatirawo. Koma pa asanu a Carolina, Black ndi amene sankaopsa kwenikweni akagwira mpira. Ngati ugonja, gonja chifukwa Black waponya bwino, osati chifukwa Love walowa kachisanu ndi chitatu njira yomweyo. Ndipo popeza Hubert Davis sankadalira benchi yake, kuwafinya anyamata awiriwo kuyambira kutali kukanawatopetsa miyendo pofika mphindi zomaliza. Duke inali ndi Wendell Moore, Trevor Keels ndi Jeremy Roach, matupi okwanira kusinthana pa ntchito imeneyo.

Ena m'gulu muno akuti nkhani yonse ndi ma free throw (mipira yoponya mosatchingidwa ukachitiridwa faulo) awiri omwe Williams anaphonya kutatsala masekondi 46, komanso kuti Duke inangolowetsa 5 mwa mipira 22 ya mapointi atatu. Zoona, ndipo akanalowetsa iwiri yokha bwenzi tikukamba zina. Koma kuphonya kumachitika kwa aliyense, kochi sangaponyere mwana mpira. Chimene kochi amasankha ndi pomwe munthu wake aime sikirini ikamabwera. Ndiye taonani mpira womwe unamaliza nkhani. Carolina ikutsogola 75 kwa 74, Bacot watuluka kale ndi mafaulo asanu. Palibenso chimphona chotsetserekera ku ring'i, palibe choti Williams azilondera kumbuyo. Love akubwera pamwamba, sikirini ikuikidwa, Williams akukwera koma mochedwa ndi phazi limodzi, Love n'kuponya pamwamba pa dzanja lake kutatsala masekondi 25. 78 kwa 74. Mpirawo unali wovuta, Love timupatse ulemu wake. Komabe aliyense mu bwalo la Superdome ankadziwa amene aponye. Amenewo ndiwo anali malo omugwera awiri n'kumuchotsa mpira m'manja, wina aliyense aponye.

Sindikunyoza munthu wa zikho zisanu, amene anakhala zaka 42 ku Durham, kwawo kwa Duke, n'kupambana masewero 1,202 pa ntchito yake yonse. Iye yemweyo ndi amene anatizoloweretsa kuti difensi ya Duke imaluma, imakana pasi, imamenya pansi ndi zikhatho. N'chifukwa chake ndikumuyeza ndi muyeso wokhwima. Matimu awiriwa anali asanakumanepo mu mpikisano wa NCAA chiyambire, Carolina inalowa ili pa nambala 8 m'gulu lake la mpikisanowo pomwe Duke inali pa nambala 2, ndipo kochi wa chaka chimodzi anamufunsa funso lomwelo kawiri m'mwezi umodzi. Pa 5 Malichi yankho linasowa, pa 2 Epulo linabwera mochedwa ndi phazi limodzi. Zoni, achimwene, ikanangomuwonjezera Bacot ma rebound.