Asathamangire shoo yaikulu pa Kasungu boma

Achimwene, mwafunsa ngati mng'ono wanu, yemwe wakhala zaka osagwira gitala, angayambirenso ndi shoo yaikulu pa boma. Ine ndikuti ayi. Mawu amachita dzimbiri. Pofika nyimbo yachitatu mpweya umakhala utamuthera, zala zikuwawa. Ayambe wayeserera ndi bandi milungu ingapo, kenako akadziyese pa Santhe kapena Nkhamenya, komwe holo ndi yotchipako.

Nyengonso aione bwino. Januwale ndi Febuluwale anthu ali kumunda, m'thumba muli mbee. Adikire msika wa fodya wa Chinkhoma utsegulidwe, cha mu Epulo, alimi ayambe kulandira zawo. Jenereta asaiwale, magetsi akangozima anthu amaitanitsa ndalama zawo pakhomo pomwepo. Za chilolezo cha shooyo akafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za aluso.