Git sinakubereni ntchito yanu

Mwa makalata amene ndalandira sabata ino, ya mayi wina wolemba mapulogalamu yandikumbutsa usiku umene sindinagone. Iwo amagwiritsa ntchito Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa mu pulogalamu. Anachita merge (kuphatikiza) nthambi yawo, mbali imene ankagwirapo ntchito paokha, mu main, nthambi yaikulu ya pulogalamuyo; itayambitsa vuto anaichita revert (kubweza zimene inasintha), ndipo atakonza vutolo n'kuchitanso merge, ntchito yawo yoyamba ija sinabwerere. Akufunsa ngati Git ili ndi chilema.

Mayi, zomwezi zinandigwera ndikugwira ntchito pa pulogalamu ya malipiro ya kampani ina. Ndinakhala mpaka m'bandakucha, tiyi atazizirira pambali, ndikuyang'ana faelo imene mizere yanga ya milungu itatu inali itasowamo, chonsecho git log, lamulo loonetsa mbiri, ikundionetsa ma commit anga onse, zosintha zimene ndinasunga m'mbiriyo, ali bwinobwino. Mnzanga wa desiki loyandikana ndi langa anakakamira kuti wolakwa ndi Git, ndipo tinatsutsana masiku awiri mpaka mawu anayamba kukwera.

Iye analakwitsa, ndipo aliyense woimba Git mlandu pa nkhaniyi amalakwitsa. Revert imabweza zimene merge inasintha m'mafaelo, koma mbiri yakuti merge inachitika imatsala momwemo. Pophatikiza nthambi, Git imayang'ana malo atatu okha: pamene nthambi iliyonse yafika, ndi commit imene ziwirizo zinakumanirapo komaliza, yotchedwa merge base. Merge yoyamba ikachitika, malo okumaniranawo amasunthira kutsogolo, motero ma commit akale amatengedwa kuti analowa kale, ndipo kuchotsedwa kwawo kumatengedwa ngati chisankho chimene munapanga mwadala. Linus Torvalds, amene anayambitsa Git mu 2005, anafotokoza zimenezi mu 2008, ndipo ngakhale njira yophatikizira nthambi yotchedwa ort, imene inalowa m'malo mwa yakale yotchedwa recursive mu Git 2.34 mu 2021, imayendera mfundo yomweyi.

Ine ndimaona kuti ziyenera kukhala choncho, pakuti chida chomabweza mwakachetechete zinthu zimene munthu anachotsa dala chingakhale choopsa kwambiri pa pulogalamu yogwira ndalama za anthu. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambirife tinaphunzitsidwa kuti revert ndi kubwerera dzulo, pamene kwenikweni ndi commit yatsopano yoonjezera pa mbiri.

Chochita tsopano

Chitani git revert pa commit imene inabweza merge ija, kuti ntchito yoyamba ibwerere mu main, kenako muchite merge nthambi yanu yokonzedwayo.